Botolo la Mkaka Pakhomo pa a Doreen

Mumsewu wa Clarence muno aliyense wakhala akunong'ona nkhani imodzimodzi kuyambira mwezi wa Malichi: eti a Doreen Platt a panambala 14 anathamangitsa nkhalamba ija, a Wilf Garside, patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukhala nyumba imodzi, chifukwa chofuna chiphaso cha kukhonsolo. Pamzere wogula tchipisi nkhani ndi yomweyo. Kochapira zovala ndi yomweyo. Ku bingo, masewera a manambala aja, ndiye amayi amachita kuiwala kudinda manambala awo. Ena akuti anawaponyera makatoni pamvula. Ena akuti chipinda cha a Wilf akufuna kuikamo mwana wasukulu. Onsewo akunama, ndipo wonama kwambiri ndi a Bev a panambala 9, omwenso ndi amene anayambitsa zonsezi. Khalani pansi mumve mmene zinayendera, chifukwa zoona zake n'zowawa kuposa bodzalo.

Nyumba ya a Doreen ili ngati zonse za mumsewu uno: yopyapyala, yaitali, yomatana ndi zinzake uku ndi uku, mkati masitepe okhaokha. Amuna awo, a Ken, atamwalira, iwo anayamba kuchititsa lendi zipinda. Pa nthawi imeneyi munali a Dez oyendetsa basi ya ku Lancaster, Ilinca wa ku Romania amene amasamalira okalamba, atsikana awiri ophunzira unamwino omwe amangobwera kudzagona, ndiye pamwamba penipeni, m'kachipinda ka kudenga, a Wilf.

A Wilf anagwira ntchito m'maboti a nsomba mpaka bondo linawakana. Anafika pakhomopo ndi sutikesi imodzi akazi awo atawasiya, n'kunena kuti akhala milungu iwiri yokha. Milungu iwiriyo ndi imene inasanduka zaka zonsezi. M'mawa uliwonse seveni koloko ankagogoda kawiri paipi ya madzi otentha ndi supuni, kulira kwake n'kutsika nyumba yonse mpaka kukhitchini. A Doreen akamva, ankadziwa kuti munthu wadzuka wamoyo, n'kutereka ketulo. Lachisanu lililonse ankadya limodzi nsomba ndi tchipisi, a Wilf n'kumasankha tatchipisi touma bwino tija kukankhira mbali ya a Doreen, ngati sakuona zimene dzanja lawo likuchita. Koma zaka zonsezo uyu "Mayi Platt", uyo "Bambo Garside". Sanagwiranepo ngakhale dzanja, kupatula tsiku lina a Doreen ataterereka pa ayezi pakhomo pa tchalitchi. Msewu wonse, ndi ana omwe, unkadziwa kuti anthu awiriwa amakondana. Amene sankadziwa ndi eni akewo. Kaya ankadziwa koma aliyense ankadikira mnzake, kaya.

Kenako inabwera kalata ya kukhonsolo. Inati nyumba iliyonse yokhala anthu asanu kapena kuposa, omwe si a banja limodzi, iyenera kukhala ndi chiphaso, ndipo mwininyumba ayenera kukhala munthu wodalirika, wosabisa kanthu kwa oyendera nyumba. Pansi pake panali mndandanda wautali: zitseko zolemera zotchinga moto, zodzitseka zokha; mabelu olira akamva utsi pansanja iliyonse; mapepala osonyeza kuti gasi ndi magetsi anaziyeza; chitseko chakumaso chotseguka mkati popanda kiyi. Wosatsatira, chindapusa chake n'choti chingameze nyumba yonse.

A Doreen sanadandaule. Amakumbukira moto wa mumsewu wa kuseri kuja, umene unapha mnyamata wogona m'chipinda chopanda windo, ndiye anati malamulowo ndi abwino ndithu. Anaitana amisiri, zonse zinachitika. Chimene chinawapweteka ndi zitseko. Kale zitseko za m'nyumbamo zinkakhala pululu, china chotsekereza ndi nsapato, china ndi simbi yakale, ndipo iwo ali kukhitchini ankadziwa aliyense ndi mapazi ake: a Dez amalumpha sitepe, Ilinca amathamanga, a Wilf amakoka mwendo umodzi. Zitseko zatsopanozi ukangozisiya zimabwerera zokha pang'onopang'ono n'kuti khu, nyumba yonse zii ngati kuchipatala. Mwayi wake paipi ija inkalirabe.

Koma panali mzere umodzi m'kalatamo umene ankaudumpha dala. Chipinda chogona munthu wamkulu mmodzi chisachepere masikweya mita sikisi ndi theka, ndipo malo amene denga latsika kufika pansi pa mita imodzi ndi theka sawerengedwa. Kachipinda ka a Wilf denga lake n'lopendekeka mbali zonse ziwiri.

Loweruka lina a Dez anakwera ndi tepi yoyezera. Anakwawa pansi, a Wilf ali pabedi atakweza mapazi, akuseka kuti alembe kuti munthu wake anafupika ndi ukalamba, safuna malo ambiri. A Dez anayeza katatu. Katatu konse malo anaperewera, ndipo choperewera chake chinali chongokwana kuyalapo chopukutira mapazi cha pakhomo. A Wilf analeka kuseka. A Doreen anatsika n'kukatsuka makapu oyera kale. Zipinda zina zonse zinali ndi anthu, ndipo ndi bondo lija ndi zaka zija, ndani mumsewu uno akanawalandira a Wilf? Woyendera nyumba ankabwera Lachinayi lotsatira.

Apa m'pamene analowerera a Bev, omwe nawonso amachititsa lendi ndipo amadziwa njira zonse zachidule. Anawapeza a Doreen kuseri akuyanika zovala maso ali ofiira, n'kutsamira pakhoma.

"Iwe Doreen, ukulira chiyani ngati ndiwe woyamba? Msewu wonse uno timatero. Wa kukhonsolo akamabwera, bedi umamasula, m'chipinda umadzaza makatoni a zokongoletsera Khrisimasi, munthu wakoyo umamutumiza kokayenda. Mlendo akachoka, umaika botolo la mkaka lopanda kanthu pakhomo. Wako uja akaliona, amadziwa kuti kwayera, n'kubwerera. Ndani angakayikire botolo?"

A Doreen anati iwo sananamepo kwa boma chibadwire, ngakhale za msinkhu wawo. A Bev anaseka mpaka kutsokomola utsi wa ndudu.

"Ndiye ingokwatiwa naye. Mwamuna wako ndi banja lako, amagona kuchipinda kwako, tepi ilibe naye ntchito. Bedi lako lija n'lalikulu, Ken anasiya malo ambiri."

A Doreen anawagenda ndi chopanira zovala, nkhope itafiira mpaka m'makutu. Koma mawuwo sanachoke. Lamulungu kutchalitchi anaimba nyimbo yolakwika. Lolemba ku bingo nambala yawo inatuluka iwo osamva. Ankadzifunsa kuti kodi n'chiyani chovuta pamenepo, munthu wa zaka sikisite eyiti kuuza munthu wa zaka sevente folo kuti tsikani mudzakhale pansi pano. Ankadziyankha okha kuti chovuta n'chakuti a Wilf angaganize kuti n'chifukwa cha chiphaso chabe. Kapena choopsa kuposa apo, angaseke.

Lachiwiri masana anavala bulauzi yawo ya buluu, n'kupaka milomo, chinthu chimene anasiya a Ken atamwalira. Anadula keke n'kuyamba kukwera. Sitepe iliyonse ankabwereza mawu amene anakonza, ndipo pofika pamwamba anali atawaloweza bwinobwino. A Wilf anatsegula, n'kuwerama pamene amawerama nthawi zonse kuti asagunde denga, n'kuchotsa nyuzipepala pampando.

"Bambo Garside, pali chimene ndimafuna ndikufunseni."

A Wilf anavula magalasi n'kuwapinda. Anayang'ana bulauzi ija, anayang'ana milomo, n'kudikira. Ndipo a Doreen anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi nzeru yoyamba ija ya a Bev. Bedi, makatoni, kukakhala kulaibulale, botolo. Anazinena mothamanga akuyang'ana keke.

A Wilf anavalanso magalasi awo pang'onopang'ono.

"Chabwino, Mayi Platt. Botolo likakhala pakhomo, ndiye kuti ndibwere."

Lachitatu anamasula bedi lawo okha, kukana thandizo la a Dez. Majuzi awo, makalata, wailesi, nsapato za kutchalitchi, zonse analongedza m'makatoni, ndipo pa katoni iliyonse analemba ndi dzanja lawo zilembo zikuluzikulu, KHRISIMASI. A Doreen anabisa mswachi wawo, kapu yawo ya mizere yobiriwira, ndi chipewa chimene chinkakhala pamsomali. Chimene chinakana kuchoka ndi chithunzi cha boti lawo lakale. Anachikhomera kukhoma ndi masikuluwu chaka chimene anafika, ndipo penti inali itawameza. Anagwirizana kuti chikhale, chithunzi si munthu.

Lachinayi kunacha ndi mvula yathu ija yopanda phokoso koma yolowa mpaka m'mafupa. A Wilf anatuluka naini koloko atavala jasi la maliro, poti ndilo lotentha. Woyendera nyumba anayenera kufika teni. Teni inadutsa, leveni, thwelofu. Chimene a Doreen anaiwala n'chakuti Lachinayi laibulale amatseka masana. A Wilf atatulutsidwa kumeneko analibe kwina kopita, ndiye anabwerera n'kudzakhala m'kashedi kodikirira basi kali moyang'anizana ndi nyumbayo, kolala itakwezedwa, maso pa sitepe ya pakhomo.

Itadutsa wani koloko belu linalira. Anali woyendera nyumba uja, mayi wachitsikana, Mayi Iqbal, atanyowa tsitsi, akupepesa kuti nyumba ina inawachedwetsa. Ndiye mukudziwa, kuno munthu salowa m'nyumba osamwa tiyi, ngakhale wobwera kudzakudulira magetsi. A Doreen anatereka ketulo. Anathira mkaka m'kapu yoyamba, anathira m'kapu yachiwiri, mkaka n'kuthera pomwepo. Mutu wawo unali kumwamba, ukuwerenga ngati anabisa zonse. Manja ndi amene anagwira ntchito yawo ya zaka makumi anayi: anatsukuluza botolo, analikhutchumula, miyendo inayenda mpaka kuchitseko, botolo linakhala pa sitepe kudikira wamkaka amene amatolera mabotolo opanda kanthu m'mawa. Anabwerera kukhitchini n'kufunsa mlendo ngati amathira shuga. Sanadziwe n'komwe chimene achita.

Mayi Iqbal anayendera nyumba mwaulemu. Anadina mabelu a utsi mpaka makutu kuwawa. Chitseko chilichonse ankachitsegula n'kuchisiya, kuonerera chikudzitseka. Mapepala a gasi ndi magetsi anawawerenga n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti akanakonda eni nyumba onse akanakhala chonchi. Kenako anakwera pamwamba penipeni. A Doreen anatsekereza chitseko cha kachipindako ndi katoni kuti kuwala kulowe.

Mayiyo anayeza ndi kamakina kake kowala kofiira, n'kulemba. Kenako anayang'ana pansi. Pakapeti panali timaenje tinayi pamene miyendo ya bedi inakhala zaka zonse zija. Anayang'ana chithunzi cha boti, chopanda fumbi ngakhale pang'ono. Ndiye anafunsa, osati mokalipa ayi, mofatsa ndithu, ngati muno mumagona munthu.

Pamenepo mpata woulula unalipo. Koma a Doreen ndi munthu wosazolowera kunama, ndipo wosazolowera kunama akayamba sadziwa polekera.

"Muno? Ndani angagone muno, mwanawe? Muno ndi mosungira zinthu zimene ndalephera kutaya basi. Zakutha zokhazokha."

Mayi Iqbal analoza chithunzi.

"Icho ndi cha bambo wina anakhalako kalekale. Anangodutsa. Ndi dzina lomwe ndinaiwala."

Kale akanamva. Akanamva chitseko chakumaso, akanamva mwendo wokokedwa uja kuyambira sitepe yoyamba, akanakhala ndi nthawi yotsokomola kapena kugwetsa kanthu. Koma pakati pa iwo ndi khomo panali zitseko zitatu zolemera, chilichonse chitadzitseka bwinobwino monga mwa lamulo. Chimene anamva ndi madzi akudontha pakapeti kumbuyo kwawo.

A Wilf anali pakhomo pa chipinda chawo, jasi lili lonyowa, m'manja muli kapepala ka kubekale. Anali atagula mabanzi awiri a zoumba, oti adye ndi tiyi pokondwerera. Anayang'ana a Doreen, anayang'ana mlendo ndi kabuku kake, ndipo anamvetsa zonse nthawi imodzi. Kapepala kaja anakalowetsa m'thumba.

"Pepani, amayi, chitseko chinali chosakhoma. Ndine uja munandiitana kudzatenga zotaya. Ndi izi?"

A Doreen anangogwedeza mutu. A Wilf ananyamula katoni yapamwamba, mmene munali majuzi awo, n'kuima pang'ono kutsogolo kwa chithunzi.

"Ichinso chipite?"

Mayi Iqbal anali akuyang'ana a Doreen, cholembera chili m'manja.

"Chipite," anatero a Doreen.

A Wilf anatula katoni, anagwira felemu ndi manja awiri n'kukoka. Chithunzi chimene dzulo lake chinakana chinachoka pamodzi ndi chibenthu cha pulasitala. Anachiika pamwamba pa katoni n'kuyamba kutsika, sitepe imodzi imodzi, osacheuka.

Pansi, pomanga mabatani a jasi, Mayi Iqbal anati zonse zili bwino, chiphaso chibwera, koma chidzalembedwa kuti kachipinda ka kudenga n'kosagonamo munthu. Kenako anawonjezera, akuyang'ana a Doreen nthawi yaitali, kuti anafunsa funso lija chifukwa kukanakhala munthu wokhalamo kale, khonsolo siponya anthu pamsewu. Imapereka nthawi, mwina mpaka chaka ndi theka, ndipo ambiri amangotulutsa windo padenga, denga n'kukwera, chipinda n'kukwana. Koma poti mulibe munthu, anatero, nkhani palibe.

A Doreen anatsegula pakamwa kuti aulule zonse. Koma a Wilf anali pamasitepe ndi katoni yachiwiri, ndipo anapukusa mutu pang'ono chabe, moti ndi a Doreen okha anaona. Munthu amene wangonama kwa woyendera nyumba maso ndi maso sapatsidwa chiphaso. Chiphaso chikakanika, a Dez, Ilinca ndi atsikana aja onse panja. Mayi Iqbal anadikira kamphindi, kenako anathokoza chifukwa cha tiyi n'kutuluka. Potuluka anachita kulambalala botolo lija. Apo m'pamene a Doreen analiona.

Anawapeza a Wilf kukhitchini, ataima, jasi osavula. Makatoni awiri anali pafupi ndi chitseko. A Doreen analankhula zambiri nthawi imodzi, za mkaka, za manja awo opusa, za laibulale, kuti bedi alimanganso madzulo omwewo, palibe adzadziwe. A Wilf anayankha modekha kuti mayi uja waona nkhope yawo, ndipo oyendera nyumba amabweranso osanena. Sangagone m'chipinda chimene chingalanditse nyumba ya munthu amene wawasunga zaka zonsezi.

"Koma mukudziwa kuti ndimanama," anatero a Doreen.

"Ndikudziwa. Makatoni aja ndinalemba ndine." Anayang'ana msomali wopanda chipewa. "Koma dzina, Mayi Platt. Za dzina sitinapangane."

A Doreen anagwira m'mphepete mwa sinki. M'nyumba monse munatsala chipinda chimodzi chokha chimene a Wilf akanagonamo lamulo osaletsa, ndipo onse awiri ankachidziwa. Chimene chinkangofunika ndi mawu aja analoweza pamasitepe. A Wilf anatulutsa kapepala ka mabanzi, katanyowa, n'kukaika patebulo. Ndiye anafunsa, maso ali pa mabanziwo:

"Lachiwiri lija munapaka milomo. Mumapita kuti?"

Abale, munthu anachita kuwatsegulira chitseko n'kuchigwirira. Koma a Doreen anaganiza kuti akanena tsopano, pambuyo pa zakutha ndi zotaya zija, zimveka ngati chisoni, ngati akulipira mlandu.

"Ku bingo," anatero.

Bingo ndi Lolemba. Onse awiri ankadziwa.

A Wilf anagona masiku awiri pampando wa pabalaza. Lachisanu sanagule nsomba. Loweruka a Dez anabwereka galimoto ya mchimwene wawo, n'kukweza makatoni onse olembedwa KHRISIMASI mvula ikugwa, msewu wonse uli pamakatani. Apo m'pamene panachokera nkhani yoti anawaponyera katundu pamvula. A Doreen anaima pakhomo atapinda manja, ndipo anthu anati taonani kuuma mtima. Chomaliza chimene anamuuza munthu amene anamukonda zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi n'chakuti, mwatenga mankhwala a bondo? A Wilf anati atenga. Anakweza chipewa pang'ono n'kulowa m'galimoto. Anapita kwa mwana wa mchemwali wawo ku Lancaster, ndipo kenako anapeza kanyumba m'mafulati a okalamba, kokwana bwino mamita onse.

Chiphaso chinabwera patatha milungu isanu. Chili m'felemu m'khonde, pafupi ndi belu la utsi, monga amafunira. A Bev, poopa kuti anthu adziwa kuti nzeru inali yawo, ndi amene anayamba kuuza aliyense kuti Doreen anasankha pepala kusiya munthu. A Doreen sanawayankhe, ndipo sanayankhe aliyense. Ku bingo anasiya.

Ilinca ndi amene amaona zotsalazo. Akuti seveni koloko iliyonse a Doreen amaima pafupi ndi paipi, ketulo ili m'manja, mpaka seveni kudutsa. Kapu ya mizere yobiriwira anaibweza pamalo pake. Analemba makalata atatu opita ku Lancaster, onse atatu anathera kukamba za nyengo, ndipo onse ali m'dilowa. Ilinca anawauza kuti amayi, basi ilipo, mphindi makumi anayi zokha, pitani mukanene. Iwo anati munthu unamutcha zotaya sungapite kukamupempha kanthu, ayenera kubwera yekha ngati akufuna.

Koma pali chimene amachita. M'mawa uliwonse wamkaka akangodutsa, amatsukuluza botolo lina n'kuliika pa sitepe, pakati penipeni, pooneka bwino kuchokera kumsewu. Limakhala pamenepo tsiku lonse, dzuwa kaya mvula. Tsiku lina mphepo inaligwetsa n'kusweka, iwo anakhuthulira mkaka wabwinobwino musinki kuti apeze lina msanga. Anthu amati nkhalamba yayamba kusokonezeka. Sakudziwa kuti botolo lija likulankhula.

Ndipo pali chimene a Dez anauza Ilinca, atamulumbiritsa kuti asauze munthu. Kawiri tsopano, Lachisanu lokhalokha, a Wilf akwera basi yawo ku Lancaster atavala jasi lija. Amakhala mbali ya kumanja, pawindo. Basi ikaima pakashedi kaja moyang'anizana ndi nambala 14, amapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono wa jasi, n'kuyang'ana sitepe. Botolo amaliona. Ulendo wachiwiri anafika poimirira, dzanja lili pachitsulo, ndipo a Dez anasiya chitseko chotsegula nthawi yaitali mpaka okwera ena kuyamba kung'ung'udza. Kenako anakhalanso pansi. Anakafika kumapeto kwa msewu, n'kubwerera ndi basi yomweyo.

A Doreen sakudziwa zimenezi. A Dez akuti si zawo, Ilinca analumbira, ndipo mawa ndi Lachisanu. Botolo lija linawanamizapo kale kamodzi a Wilf, tsiku limene analikhulupirira n'kukwera masitepe ndi mabanzi awiri m'manja. Inuyo mukanakhala pawindo limenelo, chitseko cha basi chili chotsegula, mukanatsika?